Buleki ya Kumanzere

Galimoto imene a telala ananyamukira ndi amuna awo inali ndi mabuleki awiri. Ina inali kwa dalaivala monga mwa galimoto zonse, ina inali kumanzere, kumapazi a wokwera, poti inali ya sukulu yophunzitsa kuyendetsa. Amuna awowo anaphunzitsa anthu chiwongolero zaka makumi atatu, mpaka tauni yonse inaiwala dzina lawo n'kumangoti a Pang'onopang'ono, chifukwa mawu amenewo ndiwo ankatuluka pawindo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Atapuma ntchito anagulitsa galimoto zonse n'kusiyako kagalimoto kamodzi, koyera, kokalamba ngati eni ake. Lamulo la m'galimotomo linali limodzi, ndipo a telala analimva tsiku loyamba kukwera: "Mayi, buleki iyo ndi ya mphunzitsi. Phazi lanu lisayandikeko." Choncho zaka zonsezi ankaika chikwama patsogolo pa bulekiyo n'kupinda miyendo.

Ulendowu unali lonjezo lakalekale. Asanakwatirane, bambowo ananena kuti adzawatenga pa galimoto kudutsa kumapiri mpaka akaone nyanja yamchere. Ana anabadwa, anakula, anapita kumabanja awo, lonjezo lili khale m'thumba. Ndiye mwezi watha, popanda chenjezo, anangoti, "Longedzani, mayi. Masiku anayi, awiriwiri."

A telala sanakondwe msanga. Mwamuna akayamba kukumbukira malonjezo a paunyamata, mkazi wanzeru amayamba wafunsa mumtima kuti walakwa chiyani ameneyu. Ndipo chifukwa chokayikira chinalipo. Chaka chathunthu amuna awo anali asakuwayang'ananso kumaso. Akamalankhula nawo, maso ankapita pakhoma, kapena pakhomo, kapena penapake kuseri kwa khutu. A telala anadziyang'ana pagalasi, anasoka madiresi awiri atsopano, anasintha tsitsi, koma ayi ndithu, maso a bambo ali pakhoma. Zinkawapweteka kwambiri. Anakwera galimotoyo akuganiza kuti kumapiriko akamva za mkazi wina.

Atangotuluka m'tauni, bambowo anatsokomola monga ankachitira poyamba phunziro.

"Tiyeni tisewere ka masewera kanga kaja, msewu ufupike. Nenani zimene mukuona."

Imeneyi inali njira yawo yophunzitsira. Wophunzira aliyense ankayenera kutchula mokweza chilichonse chili kutsogolo, kuti mphunzitsi adziwe kumene kuli maso ake. A telala anaseka.

"Ndasanduka mwana wasukulu tsopano?"

"Nenani basi."

"Chabwino, aphunzitsi. Chikwangwani, sikisite. Njinga kumanzere. Basi yaima kutsogolo."

"Mwakhoza. Pitirizani."

Anapitiriza tsiku lonse. Nyumba zinayamba kutalikirana, minda inatha, msewu unayamba kukwera. Kunali kokongola, tisaname: mapiri obiriwira osanjikizana mpaka kumene maso amathera, timitsinje todumpha pamiyala, nkhosa zomwazikana m'zitunda ngati zovala zoyanika. Koma a telala akangoti akhale chete asirire, mawu ankabwera: "Mayi, mwagona? Nenani." Ndipo paliponse pamene aima, bambowo ankatuluka ndi kansalu kukapukuta galasi lakutsogolo, galasi loyera kale mbee.

Pa malo ogona alendo, pamwamba pa chitunda, woyang'anira malowo anawapatsa buku loti alembe. Bambo analikankhira kwa akazi awo. "Lembani ndinu, dzanja lanu ndi lokongola." Zaka makumi anayi za banja, dzanja limenelo linali lisanayamikiridwepo. M'mawa mwake pothira tiyi, bambo anathira theka m'kapu, theka patebulo, n'kunena kuti tiketulo ta masiku ano n'topanda milomo.

Woyang'anira malo uja anawaperekeza mpaka pa galimoto. "Mukafika pamwamba penipeni muyamba kutsetsereka," anatero. "Makona ake ndi oopsa, bambo, kumanzere n'kuphompho kokhakokha. Komanso kumadutsa malole a mitengo. Muziyenda pang'onopang'ono."

"Mukuuza ine zimenezo?" anaseka bambowo.

Patapita maola awiri anafika pamwambapo. Panali malo oimika galimoto, kampanda ka miyala, ndi mphepo yozizira yolowa mpaka m'mafupa. Panalibe nyumba, panalibe munthu. Bambo anatuluka ndi kansalu kawo, akazi awo nawonso anatsika. A telala anawaonerera akupukuta pamalo amodzimodzi, pakati penipeni pa galasi, mobwerezabwereza, ndipo zinthu zinayamba kulumikizana m'mutu mwawo ngati zidutswa za diresi: buku lija, tiyi uja, masewerawa. Anayang'ana kutsidya kwa chigwa, kumene kunali thanthwe lalikulu louma gwa, lopanda ngakhale dontho la madzi.

"Bambo, taonani mathithi awo," anatero akuloza thanthwelo.

Bambo anatembenuka, anaika dzanja pachipumi, anagwedeza mutu. "Eee. Madzi ake kuyera."

A telala anagwira kampanda kaja ndi manja onse awiri. Si mkazi wina ayi. Munthu amene wawayendetsa tsiku ndi theka m'mapiri sakuona, ndipo maso a galimotoyi ndi iwowo, a telala, amene dzulo lonse amatchula zikwangwani uku akuseka.

Anatulutsa foni kuti aimbire mwana wawo woyamba. Netiweki kunalibe.

"Tibwerere kumene tinagona kuja," anatero. "Mutu ukundiwawa."

"Kubwerera? Nyanja ili kuseri kwa phiri ili. Mphepo ya kunyanja ndiyo mankhwala a mutu."

"Tidikire pang'ono, mwina kudutsa galimoto ina."

"Tiidikirirenji? Yathu yatani?"

Apa munthu wina akanangonena poyera kuti bambo, simukuona, bweretsani makiyi. Koma inu simuwadziwa a Pang'onopang'ono. Munthu ameneyu chiwongolero ndiye dzina lake, ndiye ulemu wake. Kumulanda makiyi n'chimodzimodzi kumuvula pamsika. Ndipo akakwiya sakangana, amangolowa m'galimoto n'kuliza injini kuti akuonetse.

Komanso a telala anali ndi chawo chobisa. Kalekale amuna awo anayesa kuwaphunzitsa kuyendetsa. Phunzirolo linatha tsiku lachitatu, pamene galimoto inawazimira pakati pa mphambano, bambo n'kuwakalipira pamaso pa ophunzira awiri amene anakhala kumbuyo. A telala anatsegula chitseko, anatsika, anapita kunyumba wapansi. Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, mkwiyo uja usanathe bwino, anakalembetsa mwakachetechete ku sukulu ina, ya mdani wa amuna awo, uja wa galimoto zobiriwira. Anakhoza ulendo woyamba womwe. Laisensi anaisokera m'kati mwa nsalu ya chikwama, ankangoitulutsa pokaikonzetsa ikatha, ndipo chiyambire tsiku la mayeso anali asanagwirenso chiwongolero. Kunena zimenezi tsopano, pamwamba pa phiri, kunali kulasa munthu mikondo iwiri nthawi imodzi. Anachita mantha, ndipo anadzida chifukwa cha manthawo.

Bambo anali atakhala kale pampando wawo. "Tiyeni, mayi."

A telala analowa. Ananyamula chikwama chija n'kuchiponya kumpando wakumbuyo. Kenako anawerama n'kuvula nsapato ya kumanja. Munthu wosoka saponda makina atavala nsapato, phazi limafuna lizimva chitsulo. Anaika chidendene pansi, zala zili m'mwamba pang'ono, pamwamba pa buleki yoletsedwa ija.

"Nenani zimene mukuona," anatero bambo.

Tsopano sanalinso masewera. "Kona yakumanja, yakuthwa. Chepetsani. Chepetsaninso. Mwala m'mphepete. Msewu wawongoka pang'ono. Kona yakumanzere ikubwera."

"Lero ndiye mwachangamuka."

"Nkhosa ziwiri kumanja, imodzi ikufuna kuwoloka. Yawoloka. Dzenje pakati."

Phompho linali mbali yawo. Akaponya diso pawindo ankaona nsonga za mitengo pansi patali, ndi kamtsinje kooneka ngati ulusi. Kampanda kachitsulo kanalipo pena, pena kanali kopindika, pena kanalibiretu. Anazindikira kuti amuna awo apendeketsa mutu pang'ono, akutsata mzere woyera wa m'mphepete mwa msewu ndi ngodya ya diso. Manja a bambowo ankadziwa ntchito, giya inkalowa bwinobwino, galimoto inkatsika mofatsa. Koma pamene panali pokonzedwa chatsopano, phula lakuda lopanda mzere, galimoto inkayamba kusochera, ndipo a telala ankati, "Kumanja pang'ono, kumanja." Thukuta linatsika mumsana ngakhale kunali kozizira. Kukhosi kunauma. Botolo la madzi linali kumbuyo, koma kutembenuka sakanayerekeza.

Anawerenga makona khumi ndi anayi. Mumtima ankapemphera pemphero losamveka mutu wake, lodukaduka ndi zikwangwani. Ankadziuza kuti pa kona yotsatira anena, pa kona yotsatira anena ndithu.

Potuluka pa kona yakhumi ndi chisanu, mapiri awiri anapatukana, ndipo pakati pawo panaoneka chinthu chachikulu, chobiriwira modera, chonyezimira, chopanda tsidya. A telala anali asanaonepo madzi ochuluka chotero. Zaka makumi anayi akudikira. Pakamwa panangoti kakasi, ndipo kwa kanthawi kochepa, kongokwanira kupuma kawiri, anaiwala kunena.

Pobweza maso mumsewu anaona kansalu kofiira. Kanali kumapeto kwa mtengo wautali wotulukira kumbuyo kwa lole, ndipo loleyo inali itaima, itatseka mbali yawo yonse. Mtengowo unaloza pakati penipeni pa galasi. Bambo anali phee, mutu uli chopendekeka, akutsata mzere wawo woyera, phazi lisakusuntha.

Mawu sakanafika. Phazi ndilo linafika. A telala anaponda buleki ija ndi mphamvu zonse za mwendo umene wapalasa makina zaka makumi anayi. Matayala analira, lamba anawakoka pachifuwa, chikwama chinauluka kuchokera kumbuyo n'kudzagunda mpando. Injini inazima. Galimoto itaima, kansalu kofiira kaja kanali kakupukuta galasi, kakupita uku ndi uku ndi mphepo.

Pansi pa lole panatuluka dalaivala wake, sipanala ili m'manja, nkhope ili bii ndi oilo.

"Madala! Mukufuna kutiphera pano? Chilole chonsechi simukuchiona?"

Bambo anatsitsa galasi la pawindo. Anayang'ana penapake pambali pa munthuyo.

"Sindikuchiona, mwanawe," anatero motsitsa. "Sindikuchiona."

Dalaivala uja anayang'ana a telala, anayang'ananso bambowo, kenako anabwerera chamsana kukaima kutsogolo kwa lole yake.

A telala anali asanachotse phazi pa buleki.

"Mwaponda buleki ya mphunzitsi," anatero bambo patapita nthawi.

"Ndaponda. Kokani handibuleki, mwendo wanga watopa."

Anakoka. Ndipo mkwiyo wa a telala umene mantha anautsekera unatuluka wonse.

"Chiyambire liti?"

"Chaka chatha."

"Chaka! Ndipo ine mumandiona ngati ndani m'nyumba muja? Mpando? Mukanatipha, bambo! Ana akanamva kuti makolo awo apezeka kuphompho, chifukwa chiyani? Chifukwa bambo awo ndi a Pang'onopang'ono, sangauzidwe! Kuthanthwe kuja kunalibe mathithi. Ndinakunamizani, inu n'kuyamikira madzi."

Bambo anaweramitsa mutu pachiwongolero. "Adokotala akuti ndi mitsempha ya m'kati mwa diso. Sizibwerera. Pakati pali ngati utsi, ndipo utsiwo ukukula. M'mbalimu ndiye ndikuonako. Anandiuza kuti ndisiye kuyendetsa." "Ndinati ndikasiya ndisanakufikitseni kunyanja, ndiye kuti ndinakunamizani moyo wonse. Ndinati msewu ndimaudziwa, manja akudziwa, maso ndibwereka anu. Ndalakwa, mayi. Ndalakwa kwambiri."

A telala analira, ndipo sanabise. Analira chifukwa cha mantha, chifukwa cha chisoni, komanso, Mulungu awakhululukire, chifukwa cha mpumulo, pokumbukira madiresi awiri aja amene anasoka polimbana ndi mkazi wina woti kulibe.

"Tsono titani?" anafunsa bambo. "Timupemphe wa loleyu akamaliza atitsitse?"

A telala anapukuta maso. Anatambasula dzanja kumbuyo, anakoka chikwama, anatulutsa kalumo kamene telala sayenda osatenga, n'kutumbula ulusi wa m'kati. Anaika kakhadi m'dzanja la amuna awo.

"N'chiyani ichi?"

"Laisensi."

"Ya ndani?"

"Yanga."

Bambo anakayandikitsa pambali pa diso, anakatembenuza, anakapapasa ndi chala. "Anakuphunzitsani ndani?"

"Uja wa galimoto zobiriwira."

Lole ija sinawadzidzimutse bambowo monga anadzidzimukira apa. Anadzuka pachiwongolero ngati alumidwa ndi mavu. "Ameneyo? Munthu wosadziwa n'kubwerera chambuyo komwe? Mkazi wanga?"

"Sankakalipa."

Liwu limodzi limenelo linawakhazika pansi. Kenako anamasula lamba, anatsegula chitseko, anazungulira galimoto akuigwiragwira ndi dzanja, n'kudzaima pa chitseko cha kumanzere.

"Tsikani, mayi. Mwakhala pampando wanga."

A telala anakhala pa chiwongolero nsapato imodzi ili kuphazi, ina itatsala kumapazi a amuna awo. Anavulanso inayo. Zonse zimene anaphunzira zinali zitathawa m'mutu. Analiza injini, anaika giya yobwerera, galimoto inadumpha n'kuzima. Analizanso, inazimanso. Anadikira kukalipa kuja, mapewa atakwera kale.

"Kilatchi muzitulutsa ngati mukuyamba msoko," anatero bambo mofatsa. "Pang'onopang'ono."

Ulendo wachitatu inayenda. Dalaivala wa lole anaima pa kona n'kuwakodola ndi dzanja kuti kutsogolo kulibe kanthu, ndipo a telala anailambalala loleyo atagwira mpweya.

Makona otsalawo anali khumi ndi limodzi, ndipo iliyonse inawachotsera chaka chimodzi cha moyo. Manja anauma pachiwongolero. Kumbuyo kunabwera kagalimoto kena kakuimba hutala, a telala n'kuyamba kusokonezeka.

"Musiyeni aimbe, si inu munamuchedwetsa kudzuka," anatero bambo. "Giya yachiwiri. Injini ikugwireni, musadalire buleki yokha. Nenani zimene mukuona."

"Kona yakumanzere. Mlatho waung'ono. Ndikuopa, bambo."

"Zimenezo sizili pamsewu. Nenani za pamsewu."

Ataponya diso pansi kamodzi, anaona phazi la amuna awo lili m'mwamba pang'ono, pamwamba pa buleki ya kumanzere, pomwe panali lawo. Silinaponde mpaka pansi pa phiri.

Anafika dzuwa lili paliwombo. Msewu unathera pa kabwalo ka miyala, patsogolo pake mchenga wotuwa ndi matanthwe akuda. Panalibe anthu, koma boti limodzi lovundikira ndi mbalame zoyera zolongolola. A telala anaimitsa galimoto mokhota, pakati pa malo a galimoto ziwiri, anazimitsa injini, n'kukhala kaye osatha kumasula zala.

"Wa zobiriwira uja kuimika sanakuphunzitseni," anatero bambo. "Ndikumva ndi thupi kuti takhota."

Anatsika. A telala anazula makiyi n'kuwapereka, mwa chizolowezi. Bambo anawagwira kanthawi, akusisita ndi chala chachikulu kachikopa kakale ka pamakiyipo, kenako anawabweza n'kutseka dzanja la akazi awo ndi lawo.

Anayenda pamchenga, a telala opanda nsapato, atagwira mkono wa amuna awo. Mphepo inali yamchere, yomata pamilomo. Mafunde ankabwera ndi mkokomo ngati malole ambiri, n'kusweka, n'kubwerera akukoka timiyala. Anaima pamene mchenga unayamba kunyowa.

"Nenani zimene mukuona," anatero bambo. Nthawi ino mawu awo sanali a mphunzitsi.

A telala ananena. Ananena za thovu loyera, za madzi obiriwira pafupi ndi akuda kutali, za mbalame imene inagwa m'madzi ngati mwala n'kutuluka ndi kansomba, za kumene nyanja inakumana ndi thambo popanda msoko wooneka. Polankhula anasuntha n'kudzaima patsogolo pa amuna awo kuti awaone nkhope.

"Ayi, musaime pamenepo," anatero bambo msanga. "Pamenepo ndiye pa utsi. Mukaima patsogolo panga mumasowa. Bwererani pambali."

A telala anabwerera pambali. Bambo analozetsa nkhope yawo kunyanja, kutali, monga ankayang'anira khoma lija chaka chonse, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali osaphethira.

"Mukuionako nyanjayo?" anafunsa a telala.

"Nyanja ndaimva, yakwana," anatero bambowo. "Ndikuyang'ana inu. Diresi ili ndi lachiwiri lija, la timaluwa tachikasu. Ndinaliona tsiku lomwe munalisoka."